Mawa ndi M'mawa

Zaka zija anthu ankathawa nkhondo ku Mozambique, ine ndinali kalaliki pa kabwalo ka ndege kufupi ndi nyanja, m'boma la Mangochi. Kunena kuti bwalo n'kulemekeza chabe. Panali dothi, kanyumba ka malata, ova-ova yolankhulirana ndi ofesi ya kampani ku Blantyre, ndi mbuzi zimene ndinkathamangitsa ndekha ndege ikamatera.

Kandege kathu kankayenera kubwera Lachiwiri lililonse. Kankayeneratu! Kakachedwa, a ku ofesi ankaloza woyendetsa, woyendetsa ankaloza amakaniko, amakaniko ankati sipeya sanafike. Woonana ndi anthu maso ndi maso ndinali ine, ndipo yankho langa linali limodzi basi: mawa.

Sabata ina kunabwera abambo ena othawa nkhondo, a kofiya yoyera, atakweza akazi awo pa njinga. Mayiwo anali ndi chotupa m'mimba. Bungwe lothandiza othawa nkhondo linawapezera mipando iwiri kuti akachitidwe opaleshoni ku Blantyre, poti adokotala anati pa lole, ndi msewu umene uja, sakafika amoyo.

Lachiwiri anadikira pansi pa mtengo mpaka dzuwa kupendeka. Mawa. Lachitatu chimodzimodzi. Mawa. Abambowo sankadandaula, ankangoti, "Chabwino, achemwali," n'kuwakweza mayi aja pa njinga. Kukanakhala bwino akanandikalipira.

Lachinayi anafika dzuwa lisanatuluke. Cha m'ma sikisi ova-ova inayamba kukhosomola, ndipo munthu wa ku ofesi anati ndege ibwera. Liwu lotsatira linadyedwa ndi phokoso. Iye mpaka lero amati ananena kuti m'mawa, kutanthauza m'mawa womwewo. Ine ndinamva mawa. Makutu anga anali atazolowera. Sindinafunse kachiwiri, ndinali nditatopa nako kufunsa.

Ndinatuluka n'kuwauza abambo aja kuti akapumitse mayi kwa abale awo kugombe, asavutike ndi dzuwa pachabe. Anandithokoza.

Naini koloko ndege inatera.

Ndinathamangira kumsewu, koma njinga inali itapita kalekale. Ndinamupempha woyendetsa kuti adikire ola limodzi. Anandionetsa wotchi yake, kenako azungu atatu amene anali m'ndegemo. Injini sanazimitse n'komwe. Fumbi litatha ndinakhala pa mpando wanga n'kudya chinangwa chimene ndinabwera nacho. Sindinamve chilichonse mumtima, ndipo n'zimene zimandiopsa mpaka pano.

Kalata ya kampani inadzati vuto linali la wailesi ya ova-ova ija. Wailesi siyankha mlandu. Palibe anachotsedwa ntchito, ngakhale ine amene.

Lachisanu abambo aja sanaoneke. Anabwera Loweruka, okha, akukankha njinga. Anandipatsa pepala la mipando ija, lopindidwa bwinobwino, kuti ndikapatse ena ofuna thandizo. Mayi anamwalira Lachisanu m'bandakucha ndipo anawaika atatuluka ku mzikiti.

Ndinafuna kuwauza zoona. Koma iwo ndiwo anayamba kulankhula.

"Lachinayi tinaimva ndege ikudutsa pamwamba pathu, achemwali. Mayi anadzutsa mutu n'kufunsa kuti kodi si yathu imeneyo. Ine ndinati ayi, gonani, yathu ndi ya mawa. Achemwali aja sangatinamize."