Uchi wa bambo a kukwaya

"Amama, uchi wa bambo aja musautengenso. Ausakaniza ndi shuga wophika." Anandichenjeza motero mwana wanga woyamba, amene ankagwira ntchito ku Ndola m'chipinda choyezera zakudya. Nthawi imeneyo ndinkagulitsa uchi pamsika wa Chimwemwe, ndipo ankandibweretsera ndi bambo wina wakwathu ku Chipata, woimba naye kwaya.

Sindinamumvere. Uchi ndinali ndi kayezedwe kanga: kudonthezera m'madzi ozizira, ukamira osasungunuka ndiye weniweni. Wa bambo aja unkamira bwinobwino.

Tsiku lina mwanayo anandikweza minibasi kuti ndikaone ndekha makina oyezera a kuntchito kwake. Makinawo anali ngati timafiriji tosanjikizana. Anasungunula uchi wanga m'madzi, nkuubayira m'kapaipi kowonda. Akuti m'menemo mitundu ya shuga imasiyana, wina kutsogola, wina kutsalira. Kumapeto kuli kagalasi komwe kuwala kumadutsa, ndiye shuga akafika kuwalako kumapindika, monga supuni imaonekera yothyoka m'tambula ya madzi. Pakompyuta mzere unakwera katatu.

"Awiri awa ndi a njuchi," anatero. "Wachitatu wamtaliyu ndi wa m'golosale."

Unali mwezi wa Okutobala, m'chipindamo mukutentha. Ndinatsegula windo. Posakhalitsa mzere uja unayamba kuyenda chokhota.

"Amama, tsekani! Makinawa safuna mphepo. Ndawadikira kuyambira seveni kuti akhazikike."

Ndinaseka. "Ndiye chinthu chopusitsidwa ndi mphepo ndicho chinamizire munthu amene timalandira naye ukaristia? Sukulu yakuwononga iwe."

Ndinanena zimenezi anzake a kuntchito akumva. Mwanayo anandiperekeza kukakwera minibasi, nkundigulira fanta. Dzinja lonse sindinamuimbire foni, poti ndinkadikira kuti ayambe iyeyo kupepesa. Anadwala masiku anayi okha. Ndinafika kuchipatala atasiya kale kulankhula.

Za shuga zija zinadzaululika chaka chotsatira. Mkazi wa bambo aja atakangana nawo, anauza azimayi a kumphakati kuti mgolo wophikira uli kuseri kwa khola la nkhuku. Ine ndinangonyamula mabotolo anga nkukakhuthulira m'ngalande. Pamsika sindinabwererenso.

Tsopano ndikulera ana awiri a malemu mwana wanga uja. Mafuta ophikira ndimawaunika padzuwa, mkaka ndimanunkhiza, wobwera kudzandipatsa moni ndimayamba ndamuyang'ana m'manja. Aneba amati ndine wovuta, ndipo sakunama. Koma ana akapita kusukulu, nyumba ino imakhala zii, ndiye pamafika maganizo a windo lija. Mukamadutsa ku Chimwemwe mudzagogodeko, nyumba ya mpanda wa malata kumunsi kwa msika. Ndidzakufunsani kawiri kuti ndinu ndani, mwinanso katatu. Musachoke, ndimatsegula ndithu.