Khutu Limene Linkandikana

Masiku amenewo pa sukulu ya mishoni ya kwathu sankafunsa zaka. Akanafunsanso ndani? Amayi ankangodziwa kuti ndinabadwa nthawi yokumba kachewere, basi. Mayeso ake anali amodzi: udutsitse dzanja lamanja pamwamba pa mutu n'kugwira khutu lamanzere. Wagwira, lowa Sabu A, kalasi yoyamba. Walephera, bwerera kwanu ukayambe wakula.

Ine Mulungu anandipatsa chimutu ngati dzungu, mikono n'kundimana. Ndinalephera zaka ziwiri zotsatizana, ine amene ndinkawerenga mpaka handiredi osapumira. Kamnyamata kena kamamina, kosadziwa n'kuchuluka kwa zala zake komwe, kanangoligwira khutu mwamasewera n'kulowa. Mpaka lero ndikakakumbuka mtima umandiwawa.

Chaka chachitatu abambo ananeneratu kuti ndikalepheranso ndipita ku Kasina kukalera mwana wa azakhali, za sukulu ziiwalike. Apa m'pamene ine ndi amayi tinayamba ntchito. M'mawa uliwonse, chisanu chikulowa m'mafupa, ndinkalendewera pa nthambi ya pichesi kuti mikono italike. Madzulo amayi ankandikoka mkono ngati akuzula chinangwa. Litatsala tsiku limodzi anandimeta mpala ndi lumo la abambo, ati tsitsi nalonso limatalikitsa ulendo.

Pa mzere ndinali wachisanu. Aphunzitsi, bambo wamtali wa jekete lothina, anandiuza ndiimike khosi, popeza ankandidziwa kale kuti ndimapendeketsa mutu mwakabisira. Ndinatambasula dzanja. Ndinakukuta mano, mpaka kuimirira ndi zala zakumapazi, kaya ndinkaganiza kuti zithandiza chiyani. Khutu linali pomwepo, ndikulimva kutentha, koma panatsala kampata ka chala chimodzi. Misozi inayamba, ndipo ndinawakhuthulira zonse: za ku Kasina, za kamwana ka azakhali kolira kosatonthola, za pichesi uja.

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso mpala wanga wodzaza mabala a lumo. Kenako anati, "Chigongono chako chapindika, mwana iwe. Taima ndikuwongole." Anachigwira n'kuchikankha mwamphamvu, phewa n'kulira kuti thyo, chala changa n'kukagwera pa khutu.

"Wagwira," anatero, akulemba kale m'buku lawo.

Phewa linatupa mlungu wathunthu, moti pa sileti ndinkalemba mokhotakhota ndi dzanja lamanzere, koma kunyumba sindinadandaule ngakhale kamodzi. Ndinkayenda mwamatama m'mudzi monse, sileti m'khwapa, ndikupereka moni kwa anthu amene ndinali nditawapatsa kale.

Loweruka lake azakhali anabwera ndithu, chifukwa mwana wawo ankafunikabe womulera. Anatenga mng'ono wanga. Iyeyo mikono yake inali yaitali, khutu akanaligwira chaka chotsatira mosavutika n'komwe, koma pa mzere uja sanakaimepo.