Loko wa Pathanki

Galimoto yanga ndi kapikapu kakale koyendera petulo. Tinakagula ndi malemu amayi akunyumba titapeza bwino pa mbatatesi zaka ziwiri zotsatizana. Kamuvi kosonyeza mafuta kanali katafa kale tisanagule. Thanki yake ndi yochita kuwotcherera, yapakamwa powongoka, ndiye amayiwo anasema kansungwi kowonda n'kudula mizere ndi mpeni, mzere uliwonse malita asanu. Ndikapisa kansungwiko m'thanki, ponyowa pamandiuza kuti ndikafika pati. Eni ake anapita, kansungwi kanatsala kuseri kwa mpando.

Kuno ku Ligowe ndinabwera ngati mkamwini. Mkazi akamwalira, mwamuna amasudzulidwa n'kubwerera kwawo, ndiwo mwambo wake. Koma kwathu ndinachokako ndili mnyamata, kulibe munda wanga ngakhale nyumba. Tsiku lomwe abale a malemu anakhala pansi kuti akambe za ine, mlamu wanga, mchimwene wamkulu wa malemuwo amenenso ndiye mwini mbumba, ananena mawu ochepa: "Alamu asapite. Nyumba ija anamanga ndi manja awo, akhale." Ena nkhope zinagwa, koma palibe anatsutsa. Palibe pepala lomwe linalembedwa. Ndimagona m'nyumba yanga, ndimalima munda, ndimakasesa pamanda a mkazi wanga, zonsezo chifukwa cha mawu a munthu mmodzi ameneyo.

Mvula ikayamba, kanjira kotsikira kwathu kamakumbika moti galimoto singatsike. Nyengo imeneyo imagona pabwalo la alamu, m'mbali mwa msewu, ine n'kumayenda wapansi kupita kumunsi.

Chaka chimene mafuta anasowa kwambiri, ndinakaima pamzere ku Mwanza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Anthu anatuluka m'magalimoto n'kukhala pamthunzi, ndipo nkhani inafika pa msonkho. Dalaivala wina wa minibasi ndiye ankasokosa kwambiri.

"Mu lita iliyonse muli ndalama ya msewu, eti? Nanga msewu wanga uli kuti? Wa m'tauni amayenda patala, phazi lili phe. Ine ndikakhota kulowera ku Neno, giya yoyamba, yachiwiri, yoyamba, galimoto ikumwa ngati ili pamaliro a mfumu yamowa. Ndiye kuti wamatope akulipira wambiri kuposa wapatala. Bola akanatilipiritsa kamodzi pachaka, tonse mofanana, amate chipepala pagalasi, basi."

Mkulu wina wovala jekete, amene anati anali mphunzitsi asanapume, anapukusa mutu.

"Mofanana bwanji, achimwene? Inu tsiku lililonse muli pamsewu, mukuukumba ndinu. Bambo awa," analoza ine, "kagalimoto kawo kamayenda mwina kawiri pamwezi. Alipire ngati inu?"

"Kameneko?" anatero dalaivala uja akuyang'ana kapikapu kanga. "Kameneko boma ndiye liziwalipira akafika nako."

Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Anandifunsa maganizo anga, ndinati onse awiri ndawamva. Zoona zake n'zakuti mtima wanga unali pa pampu, kuopa kuti mafuta atha ndisanafike. Ndinapeza malita makumi awiri, ndipo nditawonjezera pa otsala n'kuyenda ulendo wobwerera, kansungwi kananyowa mpaka mzere wachinayi. Ndinawasungira ulendo wa mbewu ya mbatatesi ndi feteleza.

Patapita masiku atatu ndinadutsa pagalimoto n'kupisa kansungwi, mwa chizolowezi chabe. Kanali pakati pa mzere wachitatu ndi wachinayi. Ndinati mwina ndinayeza molakwa tsiku lija, popeza ndinali wotopa. Nditabweranso, kanali pa mzere wachitatu weniweni. Galimoto inali isanasunthe.

Ndinayala katoni pansi pa thanki tsiku lonse kuti ndione ngati ikudontha. Katoni inali youma. Ndinaganiza zoti bwalo ndi lotsetsereka, mwina mafuta apendekera mbali imodzi, koma galimoto inaima pomwe imaima chaka chilichonse. Ndinafika poganiza kuti dzuwa likuwauma, pamene kunja kunali mitambo sabata yonse.

Mwezi womwewo alamu anali atagula njinga yamoto. Anzawo a njinga ambiri anali ataimika, koma iwo tsiku lililonse ankapita ku Boma n'kubwera. Sindinafune kuziphatikiza zinthu ziwirizi. Ndakhala mkulu wa mpingo nthawi yaitali, ndipo ndaona anthu akulira chifukwa cha mlandu womwe sanapalamule. Komabe ndikamva njinga ija ikulira kumtunda, ndinkasiya khasu n'kumvetsera mpaka itazimiririka. Ndinkakumbuka mkangano wa ku Mwanza n'kumati: msonkho wapachaka uja ukanakhala bwino, wakuba sakanauba. Uwu wa m'mafuta ndaima nawo padzuwa tsiku lonse, ndalipirira msewu woti ayendepo wina.

Mwana wanga wamkazi amene amakhala ku Blantyre ataimba foni, ndinamuuza, koma za njinga sindinatchule.

"Ababa, ikani loko basi. N'chiyani chovuta?"

Iye wakulira kusukulu ndi m'tauni, kumene loko ndi loko chabe. Pabwalo la alamu galimoto yagona zaka zambiri popanda loko. Kukhoma thanki pakhomo pa munthu, iye akuona pawindo, ndi kumutchula dzina. Ndipo munthu wake ndi amene anati ndikhale. Akanangonena pamaso pa abale kuti mkamwini wayamba kutiyesa akuba, aja nkhope zinagwa aja sakanachedwa kuyankha.

Loko ndinagulabe, ku Boma, kakang'ono kamkuwa ka makiyi awiri. Pachitsekerero cha thanki pali timphete tiwiri tomwe wowotcherera anaikapo, ndipo sitinatigwiritsepo ntchito. Ndinapita naye lokoyo kugalimoto m'mawa wotsatira, alamu aakazi, akazi awo a mwini mbumba uja, anali akusesa, anandipatsa moni, ndinabwerera naye. Mawa lake chimodzimodzi. Lokoyo anakhala m'thumba la jekete masiku asanu ndi anayi. Kutchalitchi ndikugwada anagogoda benchi, moti amene anali pafupi anatsegula maso. Ndinkapempha Mulungu kuti andichotsere ganizo loipa, koma ndikati ameni dzanja linkapita m'thumba. Chakudya sichinkalowa. M'mawa uliwonse ndinkakwera chitunda, kuyang'ana uku ndi uku, kupisa kansungwi msangamsanga n'kukabweza kuseri kwa mpando. Kanafika pa mzere wachiwiri.

Tsiku lakhumi ndikupukuta kansungwi, ndinamva mawu kumbuyo.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Lero atsala angati?"

Anali alamu aamuna, ataima pakhonde, kapu ya tiyi m'manja. Ndinayankha moni.

"Ndafunsa kuti atsala angati. M'mawa uliwonse ndimakuonani pawindo. Mumabwera monyang'ama ngati galimotoyo ndi ya wina."

"Mizere iwiri," ndinatero.

"Inali inayi."

"Inali inayi."

Anatsika pakhonde n'kuika kapu pamwamba pa galimoto.

"Nanga chimene chikukokera jekete pansicho? Kutchalitchi chinatidzidzimutsa tonse. Ndinkayesa mwayamba kuyenda ndi mwala."

Ndinatulutsa loko uja. Anamulandira, anamutembenuza, anayesa makiyi onse awiri.

"Wabwino. Wogwira. Ndiye mumadikira chiyani? Kuti ndichokepo?"

"Sindinafune kukulakwirani, alamu."

"Simunafune." Anaseka pang'ono, koma sikunali kuseka. "Mukanabwera tsiku loyamba n'kunena kuti alamu, mafuta akutha, tikanakhala awiri pa nkhaniyi. Inu mwakhala chete sabata ziwiri, moni wanu wafupika, mukamva njinga yanga mumatembenuka. Mukuyesa chete sapweteka?"

Zaka zonsezi ndinkadziona ngati munthu wosafulumira kuweruza. Sindinadziwe kuti nkhope yanga inali itaweruza kale.

"Gwadani muone," anatero.

Tinagwada tonse awiri, anthu akuluakulu, mawondo m'matope. Anandilozera kunsi kwa thanki. Kapayipi kochokera m'thanki kupita ku injini kamamangidwa ndi kachitsulo, ndipo kachitsuloko kanali kowala, kokandika ndi sipanala, pamene zina zonse kunsiko zili dzimbiri ndi dothi. Mbali ya kumsewu udzu unali wogona, poti munthu ankakwawira.

"Samatsegula pamwamba. Amazula apa, amatchera botolo, akatenga pang'ono amabwezera bwinobwino. Ndinaona Lachiwiri. Loko wanuyu mukanakhoma, mafuta n'kumapitabe. Pamenepo mukanati chiyani? Kuti ndasula kiyi?"

"Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanayamba ine, mukanati wakuba akudziyeretsa. Ndimadikira muyambe inu, eni ake a galimoto. Anga a njinga ndimagula a m'mabotolo ochokera kumalire, okwera mtengo ngati mankhwala. Mukafuna ndikusonyezeni wogulitsa."

Ndinati ayi, n'zosafunika. Ndinapepesa. Sanayankhe kuti zatha, anangoti, "Tiyeni tiwachotse otsalawa asanawamalize."

Anakatenga chigubu, tinazula kapayipi kaja, mafuta anatsikira m'chigubu mpaka kudontha komaliza. Atatseka anachiika pakati pathu.

"Nyamulani mukasunge kumunsi, kumene kulibe akuba."

Ndinamva pomwe mawuwo analasa. Ndinayang'ana chigubu, ndinayang'ana chitunda chotsikira kwathu.

"Chikhale kwanu, alamu. Ndidzachitenga tsiku la ulendo."

Analoza kukhomo ndi mutu.

"M'nyumba muli njinga."

"Ndikudziwa."

Ananyamula chigubu n'kulowa nacho. Kapu ya tiyi anaiiwala pagalimoto, ndipo ndinakaipereka kwa alamu aakazi kuseri, osadziwa ngati ndili wololedwabe kulowera kumaso.

Wakubayo sitinamudziwe mpaka lero. Msewu umadutsa anthu ambiri, ndipo nthawi imeneyo botolo limodzi la petulo linkagulidwa msanga kuposa nkhuku. Masiku asanu otsatirawo sindinakhazikike. Alamu sanatsikire kwathu, inenso ndinalibe chifukwa chokwerera. Ndikaona abale a malemu awiri ataima pamodzi kuchigayo, ndinkati nkhani ija yayamba. Ndinafika poyang'ana katundu wa m'nyumba n'kumaganiza kuti ndi uti angakwane m'kapikapu.

Tsiku la ulendo ndinakwera m'mamawa. Anatulutsa chigubu osalankhula zambiri, anagwira faneli, ine ndikuthira. Nditatseka thanki, dzanja langa linapita lokha kuseri kwa mpando. Ndinakagwira kansungwi kaja, kosalala chifukwa cha manja a mkazi wanga ndi anga. Alamu anali chiimire, faneli ikudontha m'manja mwawo. Ndinakasiya pomwepo n'kutseka chitseko. Chigulireni galimotoyi, ndinali ndisananyamukepo osayeza.

Injini italira, anaweramira pawindo.

"Mvula ikatha tiitane anthu tikonze kanjira kaja. Tithiremo miyala. Galimoto izigona pakhomo panu."

Ndinavomera n'kunyamuka. Msewu wa ku Boma unali woterera, giya yoyamba, yachiwiri, yoyamba, ndipo pachitunda chilichonse ndinkatchera khutu kuti ndimve ngati injini iyamba kutsamwa. Mawu aja ndinayenda nawo njira yonse. Mwina ankatanthauza kuti galimoto yanga sakuifunanso pabwalo pawo. Sindikanawadandaula. Koma munthu sathira miyala panjira ya mkamwini amene akufuna kumusudzula, ndipo sanati pakhomo pa mlongo wanga, kapena kumunsi kuja. Anati panu.

Ku Boma ndinafika, n'kubwerako ndi mbewu ndi feteleza. Loko uja alipo, ali pawindo la kuchipinda ndi makiyi ake onse awiri. Miyala tinayamba kututa mwezi wachisanu, ndipo ngolo yoyamba anabwera nayo ndi alamu.