Apageti Anakana Kundigulitsa

Tonse amayi a kusikelo tinkangowatchula kuti Apageti. Kwa zaka khumi ndi zisanu ankakhala pageti la chipatala, pansi pa ambulera yothyoka nthiti ziwiri, akugulitsa masiwiti, mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera za m'timabotolo. Anali mayi wamtali, wa mano owerengeka, ndipo phazi lawo lamanzere linkakhala lomanga bandeji chifukwa cha matenda a shuga. Zomwe ankagulitsazo iwo sankalawa n'komwe.

Amuna awo anamwalira kalekale. Ana awo awiri anapita kutali kukasaka ntchito. Kafoni kawo ankakaika pamwamba pa katoni ya mabisiketi, koma ine sindinakamvepo kakulira.

Ndinafika m'tauni muno ndili woyembekezera, osadziwa munthu. Bambo a mwana amayendetsa lole, amabwera kamodzi pamwezi. M'chipinda chathu cha lendi mumakhala ine, mwana ndi wailesi. Apageti ndiwo okha ankandifunsa kuti ndadzuka bwanji n'kudikira yankho.

Mwana wanga atakwanitsa chaka ndi miyezi inayi anayamba kukana kudya. Phala ankalavula, dzira ankalitembenuzira nkhope. Chomwe ankalandira ndi bisiketi yoviika m'chakumwa chofiira basi. Mzere wa pakhadi lake la sikelo unatsika miyezi iwiri yotsatizana. Apongozi anga anandiuza pafoni kuti ukatsikanso abwera kudzamutenga, poti ine kulera kwandikanika.

Amayi a kusikelo tili ndi kachinsinsi kathu. Usanalowe umagula timabotolo tiwiri, n'kumumwetsa mwana mpaka kamimba kuti ndii. Akamupachika pasikelo muvi umasunthako pang'ono, anesi osakukalipira pagulu.

Mwezi umenewo boma linaletsa kugulitsa zotsekemera pafupi ndi zipatala ndi masukulu. M'mawa wa tsiku lathu la sikelo ndinapeza alangizi a zaumoyo ataima patsogolo pa Apageti, pepala lili m'manja.

"Amayi, Lachisanu ndi tsiku lanu lomaliza pano. Simunamve pawailesi?"

"Wailesi ya chiyani, achimwene, inuyo mulipo?"

Amayi amene anali pamzere anaseka.

"Sekani," anatero alangiziwo. "Dzulo lomweli tazula mano anayi a mwana wa zaka zitatu. Mayi ake sankadziwa kuchuluka kwa shuga wa m'kabotolo kamodzi. Adziwa bwanji tikakhala chete?"

"Nenani, palibe wakutsekani pakamwa. Koma boma likafuna kulowa m'khitchini mwathu lizibwera ndi ndiwo, litsukekonso mbale. Amayiwa mumawayesa ana. Mukandichotsa pano akagula kuseri kwa msika, kwa munthu wosadziwa n'komwe kuti mwana akudwala."

"Nanga phazi lanulo likuti bwanji?"

Apageti anangoliyang'ana phazilo. Alangizi aja anaoneka kuti achita manyazi ndi funso lawo lomwe. Anasiya pepala patebulo n'kulowa.

Mumtima ndinali mbali ya Apageti, osati chifukwa ndinaganiza mozama ayi. Ndinkafuna timabotolo tanga. Ndinadikira kuti anthu achepe, ndiye ndinasendera.

"Tiwiri, amayi. Tofiirato."

"Tandipatsa khadi."

Kuwerenga zilembo sankatha, koma mizere ya pakhadi ankaidziwa kuposa ife amene tinapondako kusekondale. Analondola mzerewo ndi chala. Kenako anagwira kadzanja ka mwana, n'kumusisita tsitsi lomwe linali litayamba kufiira.

"Sindikugulitsa, mwanawe."

Ndinati, "Si inu nomwe mumati tisamayesedwe ana?"

"Ndinatero, ndipo ndibwerezanso. Mwana ndi wako. Golosale ndi iyo patsidya pa msewu, pita ukagule, sindikugwira mwendo. Koma kuchokera m'dzanja langali, ayi."

"Apongozi amutenga, amayi. Mukudziwa kuti ndilibe wina."

"Ndikudziwa." Anayamba kusanja mabisiketi amene anali osanja kale. "Wanga wachitatu ndinamunamizira sikelo miyezi inayi. Anesi ankachita kundiyamikira pamaso pa anzanga."

Ana amoyo anali nawo awiri okha. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti kunali wachitatu.

Ndinaima m'mphepete mwa msewu nthawi yaitali. Golosale inali yotsegula, ndinkaona ndi firiji yomwe. Magalimoto anadutsa, mpata wowoloka unapezeka kawiri. Mwana ankapumira pakhosi panga, wopepuka ngati mtolo wa zovala zouma. Ndinatembenuka n'kulowa pageti.

Muvi unatsika. Anesi sanakalipe. Anamukoka chikope, n'kuitana adokotala, ndipo anapeza kuti magazi ndi ochepa kwambiri, m'mimba mulinso njoka. Anatigoneka masiku asanu ndi limodzi.

Bedi lathu linali pawindo loyang'ana kugeti. Lachisanu masana ndinaona Apageti akulongedza okha, wina asanabwere kudzawathamangitsa. Anasenza katoni, tebulo analikokera kumbuyo, akutsimphina. Amayi ena ankawadutsa akuthamangira mzere. Ndinagogoda pagalasi koma kunali kutali.

Apongozi anafika Loweruka ndi chikwama chopanda kanthu, choti aikemo zovala za mdzukulu wawo. Anapeza mwana akumeza supuni yachitatu ya phala, ine ndikumudyetsa. Anakhala pampando, anayang'ana, anafunsa anesi mafunso awiri. Madzulo anakwera basi ndi chikwama chawo chili chomwecho. Sanandiyamikire, koma sanamutenge.

Tsiku lotuluka ndinafunsa alonda a pageti komwe Apageti amakhala. Anakanda mutu. Zaka zonsezi ankangowaona akubwera kuchokera kumunsi, basi. Alangizi a zaumoyo nawonso sankadziwa. Anati akufunanso atawapeza, chifukwa bandeji ija ndi iwo ankawasinthira Lolemba lililonse.

Ndinamanga nsalu n'kuyamba ulendo wa kunyumba. Kumsanaku mwana ankamveka kuti walemerako pang'ono, ndipo panalibe woti ndimuuze.