Kadontho Kachikasu pa Mapu a India

Agogo Kassamu akandibwerera m'maganizo, chimayamba kufika ndi fungo la lubani ndi tiyi wa jinja, kenako kulira kwa hita yakale imene inkachita ngati ikutsokomola kuseri kwa kauntala ya shopu yawo ku Spinney Hill, kuno kudziko la Angerezi. Sanali agogo anga enieni. Anali Mmwenye wobadwira ku Limbe, ndipo ife tinkachita lendi pamwamba pa shopuyo. Amayi akakhala pa shifiti kuchipatala, ndinkati ndikaweruka kusukulu n'kukakhala pa thumba la mpunga, mvula ikutsetsereka pagalasi, mabasi akudutsa phee ngati akuyenda pansi pa madzi. Ndikawayankha m'Chingerezi ankagwira khutu. "Ili ndi la ku Limbe, Tadala. Zimenezo silimva."

Tsiku lina ndinabwera ndi homuweki yopaka pinki pa mapu maiko onse amene ankalamulidwa ndi Angerezi. Nditafika pa India anandigwira dzanja, n'kuloza ndi chikhadabo chakumadzulo, kufupi ndi nyanja.

"Apa usapake pinki, paka chikasu. Ndi kwawo kwa bambo anga."

Anati kumeneko kunali mfumu yawoyawo, nawabu, wokhala ndi njovu yake, ng'oma zake ndi bwalo lake la milandu, ndipo pa zikondwerero ankamuombera mizinga yaulemu. Koma chaka ndi chaka ankapereka mtulo kwa Angerezi, ndipo sakanapangana chilichonse ndi mfumu inzake ya kutsidya kwa mtsinje popanda chilolezo cha mzungu amene anamuikira pafupi.

"Ndiye anali mfumu kapena ayi, agogo?"

"Anali mfumu mpaka pageti. Ankati akumuteteza. Kwathu ku Malawinso anatero, mafumu ena anasainitsidwa mapepala, dziko n'kutchedwa lotetezedwa. Angerezi atachoka ku India, nawabu sanamubwezere ufumu wake. Anangomusiya m'manja mwa wamkulu wina."

Madzulo amenewo ndinayang'ana panja nthawi yaitali, ndipo m'maso mwanga ndinkaona njovu yovala nsalu zagolide ikuyenda mwakachetechete pakati pa nyumba za njerwa zofiira, n'kuima pa maloboti kudikira kuti wina ailoleze kuwoloka. Aphunzitsi anazunguliza kadontho kanga ndi bolopeni n'kuikapo chizindikiro cha funso. Sindinakafufute.

Patapita zaka zingapo agogo anaterereka pa ayisi n'kuthyoka m'chiuno. Mwana wawo, a Faruki, anawatenga kukakhala nawo ku Wigston, shopu n'kuikamo munthu wina. Tinakwera basi ndi amayi kukawaona. Chipinda chinali chofunda, cha windo lalikulu loyang'ana kumunda wa maluwa, mpando wawo wa ku shopu ali nawo, kofia ili kumutu. Koma makiyi, makalata ndi mankhwala zonse zinali m'manja mwa a Faruki, ngakhale ketulo sankawalola kuigwira.

"Akundisunga bwino, sisita," anauza amayi motsitsa mawu. "Ndi ana abwino. Kungoti palibe amene wandifunsa. Nawabu uja tsopano ndi ine. Inu ndinu nesi, mwina mawu anu awamva."

Za m'banja la eni n'zovuta kuzilowerera. Komabe potsanzikana amayi anaima pakhomo n'kutembenukira kwa a Faruki.

"Achimwene, fupa lija lapola. Chikuwadwalitsa panopa n'kukhala osafunsidwa kanthu."

A Faruki anayang'ana pansi. "Ndimaopa kuti agwanso."

"Mwina agwadi. Koma afunseni."

A Faruki anakawafunsa. Kuyambira pamenepo Lachisanu lililonse, akatuluka mumzikiti, ankawatula ku shopu, ndipo agogo ankakhala maola awiri akulonjera makasitomala, kudzudzula kasanjidwe ka anyezi ndi kudziwiritsira okha tiyi. Anatero mpaka chaka chimene anamwalira.

Lero ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba ku Beaumont Leys. Ndili ndi kiyi wa chipinda chilichonse, ndipo ndikudziwa kuti kulamulira munthu pomuteteza n'kosavuta. N'chifukwa chake ngakhale chitseko chikhale chotsegula, ndimaima panja n'kunena kuti "Odi." Okalamba ambiri kuno ndi Angerezi, mawuwo sawadziwa. Koma ndimadikirabe mpaka andiuze okha kuti ndilowe.