Chaka chimene tinapulumukira nyika

Matope a m'dambo ali ndi fungo lakelake, la masamba ovunda ndi nsomba, ndipo ndi limene linadzaza m'nyumba mwathu chaka chimene mvula inakana. Tinkakhala kufupi ndi Chiromo, ine, amayi ndi mlongo wanga Ganizani, amene anali akadali kumsana. Bambo anabwerako ku mtengatenga wa nkhondo ya Azungu akutsokomola. Chifuwacho chinawadya pang'onopang'ono kwa zaka zingapo, ndipo tinawaika m'manda mapira athu akupserera ndi dzuwa m'munda.

Atameta maliro, amayi anangokhala pakhonde masiku ambiri. M'nkhokwe munali makoswe okha. Ine ndinkatola malambe ndi bwemba, n'kuviika m'madzi kuti timwe. Ganizani ankayamwa bere lopanda kanthu n'kulira mpaka mawu kusasa. Ndikawaona amayi atatseka maso, ndinkawayandikira mwakachetechete kuti ndione ngati chifuwa chawo chikukwera ndi kutsika.

Tsiku lina kunabwera a Nyatembo, mayi wachisena amene anathawira kwathu kuchokera kwa Apwitikizi, mwamuna ndi ana awiri atawafera panjira. Sanakhale pansi, sanapepesenso. Anaima pabwalo dengu lili kumutu.

"Lamukani, amake Ganizani," iwo anatero. "Amene anagona uja sadya, koma awa amadya. Tendeni ku nyika."

Amayi anadzuka n'kutenga dengu.

Nyika ndi mizu ya kakombo, yakuda ndi yolimba, yokwiririka m'matope pansi pa madzi. Amayi ankalowa mpaka madzi kuwalekeza m'khosi, n'kumafufuza ndi zala za kuphazi, akaikhudza n'kumira. Ine ndinkakhala pansi pa mgwalangwa ndi Ganizani, mchenga ukuotcha, udzudzu ukulira m'makutu masana dzuwa lili pamutu. Mutu wa amayi ukalowa m'madzi nanenso ndinkaleka kupuma, mpaka utatulukanso pakati pa masamba. Ankabwera kumtunda misundu itakakamira m'miyendo. Kunyumba tinkasenda nyikazo, kuyanika ndi kusinja. Phala lake linali lotuwa, lowawira kukhosi, koma Ganizani analeka kulira.

Tonse tinkadziwa kuti m'dambomo muli ng'ona. Palibe ankazitchula dzina.

Linali tsiku lopanda mphepo. A Nyatembo anali patsogolo pang'ono, kufupi ndi bango. Ndinangoona madzi akuvunduka kamodzi, ofiira ndi matope, kenaka dengu lawo likuzungulira lokha. Azimayi anathamangira kumtunda akugwa n'kudzuka. Amuna anabwera ndi mabwato ndi mikondo, anasakasaka mpaka dzuwa kupendeka, koma anangopeza chidutswa cha nsalu.

M'mawa mwake ndinaona amayi akutenga dengu. Ndinawagwira nsalu ndi manja onse awiri.

"Amayi, musapite. Ine njala sindikuimva."

"Ukunama, mwanawe," anandiyankha osandiyang'ana. "Bereka mlongo wako."

Anadzera m'makomo mwa azimayi atatu, n'kuwauza kuti aliyense atenge mtengo wautali, awiri azimenya madzi pamene awiri akumira. Titafika padambo, amayi anakhota kuseri kwa bango. Ndinawamva akusanza, chonsecho anali asanadye kanthu. Anatuluka akupukuta pakamwa, anamanga nsalu yawo mwamphamvu, n'kukhala oyamba kulowa m'madzi.

Zinkatero m'mawa uliwonse, mpaka mvula inabwera, Shire n'kusefukira, madzi ataphwa n'kutisiyira dothi lonyowa. Tinadzala chimanga ndi mbatata kudimba. Ganizani anayamba kuyenda m'mizere ya mbatatayo, timiyendo tili towonda ngati ta kakowa.

Masiku amenewo ndinkawasungira amayi mkwiyo. Ndinkati ndi ouma mtima, munthu wosadziwa mantha, amene sanalire mnzake ngakhale tsiku limodzi, ndipo kusanzako ndinkati ndi nyika zikuwavuta m'mimba. Ndinadzawafunsa patapita zaka zambiri, ndili ndi ana anga, iwo maso atachita khungu. Anati sizinali nyika. Anati m'mawa uliwonse miyendo inkawakanira pamphepete pa madzi paja, ndiye ankacheukira kumgwalangwa, n'kutiwerenga kuti tilipo awiri, n'kulowa.