Mikuyu ya pakasupe sadula ine ndili moyo

Amayi, m'mawa uno kunabwera amuna atatu ndi nkhwangwa, ati akufuna mikuyu ya pakasupe akawotchere njerwa. Ndinakakhala patsinde, ndodo yanga pamiyendo, n'kukumbuka inu. Itatha njala ya 1949, anthu anali atadula mitengo yonse m'khwawa muja, kasupe n'kuuma. Inu munazika nthambi za mkuyu m'dothi louma gwa, n'kumazithirira madzi omwe tinkasenza kuchokera kumtsinje wa Phalombe. Azimayi anzanu ankaseka: "Mayiwa apenga! Ana ali ndi ludzu, iwo akumwetsa timitengo!" Ine ndinachita manyazi, ndinakupemphani kuti musiye. Munangoti, "Tula mtsukowo, thira."

Madzi anabwerera ine nditakwatiwa kale, mikuyu itakula, ndipo oseka aja ndiwo ankalawirira kudzatunga. Zidzukulu zawo ndizo zabwera ndi nkhwangwazi, zitamwa kale madzi omwewo. Ndawauza kuti, "Yambani mwadula ine." Abwerera, koma ndikudziwa kuti abweranso. Adzandipeza pomwepo, Amayi. Ndinachita nanu manyazi kamodzi ndili mtsikana. Sindidzabwerezanso.